Nambala Eyiti ndi Nguluwe ya ku Dimba

"Amake mwana, imwe munapitako kusukulu. Pa zipolopolo za mfuti, nambala ikulu ndiye yopaya nyama ikulu, si mwamene zilili?"

Anandifunsa choncho aneba anga tili papompi ku komboni ya Nangongwe, ine nditabereka mwana kumsana, madzi akudontha pang'onopang'ono m'ndowa. Sanafunse ngati munthu wosadziwa. Anafunsa ngati munthu amene yankho ali nalo kale, akungofuna wina amuvomereze anthu akumva.

Zinali zaka zoyambirira za ufulu, ndipo tauni ya Kafue inkakula ife tikuona. Pamene panali tchire ife tikufika kuchokera kum'mawa panamera makoma a fakitale ya nsalu, kenako machumuni a fakitale ya feteleza. Malole ankatula njerwa ku Estates, kumene tonse tinkayembekezera kudzapatsidwa nyumba ya magetsi. Amuna anga analowa ntchito yopota ulusi. Aneba angawo anali amayi aakulu kwa ine, kwawo ku Chanyanya, mudzi wa asodzi, ogulitsa nsomba. Amuna awo anali akapitao a amuna anga pafakitale, ndipo ndi iwo anatipezera chipinda chimene tinkagonamo. Ndikamawapatsa moni ndinkagwada.

Chaka chimenecho akapitao anagula chifefe, mfuti ija yomwaza njere zambiri za mtovu nthawi imodzi. Kale munthu wakuda ankavutika kuti apatsidwe chilolezo, choncho mfutiyo anaiyendetsa mzere wonse wa nyumba kuti aliyense aione. Koma panalinso chifukwa chenicheni. Achibale a aneba anatipatsa dimba m'mbali mwa mtsinje, kumunsi kwa tauni. Aneba anabzala matimati ndi repu, ine chimanga. Ndipo nguluwe inali itayamba kulowamo.

Chimanga chimenecho sichinali cha m'sitolo. Chinali cha makolo, cholimba, cha maso oyera osakanikirana ndi ofiirira, chimene anankafumbwe amachilephera ndipo pokonola sichiphwanyika. Amayi anandithirira m'chipanda tsiku limene ndinakwera basi. Atamwalira, a kwathu onse anatembenukira ku mbewu yogula, ndipo nditafunsa ndinamva kuti palibe anasungako. M'chipanda chinali chitakhalitsa, ndipo mbewu ikakhalitsa imafa, choncho ndinabzala chonse. Nguluwe ikanamaliza dimbalo, chimanga cha amayi chikanathera pomwepo.

Ndiye papompi paja ndinayankha motsitsa mawu.

"Pa chifefe zimayenda chobwerera, amama. Nambala ikamakula, njere zimachepa."

Anaseka mpaka kugwirira pompi.

"Imwe ana a kum'mawa. Poto ya nambala ikulu ni ikulu. Nsapato chimodzimodzi. Ukonde wa folo inchi ugwira nsomba yamene wa tuu inchi siungakwanise. Manje mfuti chabe ndiye iyende mutu pansi?"

"Agula nambala chiyani akapitao?"

"Eyiti. Anayangana mabokosi yonse mu sitolo ku Lusaka, yopitirira eyiti kunalibe. Atenga zonse zamene chilolezo chawo chivomereza chaka chino."

Ndinasenza ndowa yanga. Mumtima ndinaona kale nguluwe ikuthawa ili yamoyo.

Ine mfuti sindinaombepo, mpaka lero. Koma atate ankalondera minda papulazi ina kwathu, ndipo chifefe cha papulazipo chinkagona m'nyumba mwathu. Zipolopolo zake zinali za pepala lofiira, matako ake a mkuwa. Pamkuwapo pankadindidwa 12, ndipo atate ankati imeneyo si ya njere ayi, ndi ya kukula kwa kamwa la mfuti. Nambala ya njere inkakhala kutsogolo, pa kakatoni kozungulira kotseka pakamwa pa chipolopolo. Akamapita ku nkhanga ankati, "Nditengere sikisi." Ku atsekwe, folo. Akamva kuti m'munda mwalowa nyama ya miyendo inayi, manambala ankawasiya n'kutenga za malemba.

Kukula kwa njerezo ndinakuphunzira ndi zala. Ntchito yosadzula nthenga inali yanga, ndipo amayi sankalola mwana kudya mbalame ya mfuti asanaifufuze bwino. Ndinkazitola m'nyama n'kuziika pachivundikiro. Za eyiti zinali ngati mawere. Za folo ngati mapira. Za BB ngati mphodza, za AAA ngati khobwe wamng'ono, za SSG ngati nandolo. Mwana wamkazi amene wakulira pa lichero sangasokoneze mawere ndi nandolo.

Madzulo tikudya ndinawauza amuna anga. Anaimitsa mbamu m'manja.

"Ndiye ukufuna ndipite kwa akapitao, amene amandilembera mashifiti, ndikanene kuti akazi anga akuti mwagula zolakwika?"

"Sindinatero."

"Nanga watani?"

"Ndangonena kuti nguluwe siifa."

"Mwina ifa. Mfuti ndi mfuti."

Anebanso anakawauza amuna awo, koma ngati nthabwala. M'mawa mwake anandibweretsera yankho akuseka: ati mfuti si makina osokera kuti mzimayi aziiwerengera manambala.

Loweruka lotsatira akapitao anakabisala kudimba m'bandakucha ndi galu wawo. Ife azimayi tinafika dzuwa litatuluka, zitini zothirira zili m'manja, ndipo tinawapeza atakhala pachulu, mfuti ili pamaondo. Anati nguluweyo anaiona bwinobwino, yaimuna, yofiira msana, ndipo anailasa paphewa ili pafupi. Inalira, koma m'malo mogwa inadutsa pakati penipeni pa chimanga changa ikuthyola mapesi, ndipo galu ataitsekera njira inamung'amba ntchafu. Pansi panali timadontho ta magazi towerengeka, ngati munthu wadzicheka ndi lumo.

Patapita masiku ochepa inabwerera, ndipo sinabwere yokha. Mapazi anali aakulu ndi aang'ono.

Nkhani inayenda Nangongwe yense kuti nguluwe ya kudimba ndi yokhwima. Ena ankati ili ndi mwini wake amene amaituma. Akapitao anaiomberanso, inathawanso, ndipo anayamba kufunsafunsa za munthu wodziwa kutsuka mfuti ndi mankhwala. Ine ndinkamanga zitini pachingwe kuti zizilira ndi mphepo, ndi kufukiza nsanza m'mphepete mwa dimba. Nguluwe zinazolowera zonsezo. M'mawa uliwonse ndinkapeza mapesi atsopano atagona, chimanga chitalumidwa mbali imodzi n'kusiyidwa m'matope.

"Thyolani chabe chamene chasala, amake mwana," anandiuza aneba. "Mwana adyeko dowe, m'malo mosiyira nyama."

Ndinatsegula khoko limodzi n'kudinikiza diso la chimanga ndi chikhadabo. Munatuluka mkaka. Chothyola pamenepo n'chodya, sichimera. Mbewu imafuna kukhwimira paphesi pake, ndipo palibe njira yoifulumizitsa. Ndinatsekanso khokolo n'kulimanga ndi luzi.

Chimene chinatitsegulira njira ndi njiwa. Lamlungu lina akapitao, mtima utawawawa, anatenga mfuti kupita kumadambo, ndipo anabwera ndi njiwa zodzaza thumba ndi timabakha ta m'madzi. Anatitumizira zina ndi mawu akuti tione tokha kuti mfuti ilibe mlandu. Mwana wanga anali atayamba kudya nshima yofewa ndi msuzi, choncho ndinakhala pakhonde ndi kufufuza nyama ija monga ankachitira amayi. Njerezo ndinkaziponya m'kambale ka chitsulo. Nditamaliza ndinatapa mawere amene ndinkasungira thobwa n'kuika pambali pake. Mbali inayo ndinaika nandolo mmodzi.

Amuna anga atabwera kosamba ndinawapatsa kambale kaja. Anapukusa njere imodzi pakati pa zala.

"Utu ndiye akapitao akuombera nato nguluwe?"

"Tomweto. Atate ankaiombera zofanana ndi nandoloyo."

Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka chamumtima.

"Zili ngati ulusi wathu. Wa nambala sikisite ndi wowonda ngati tsitsi, wa twente ndi wonenepa. Woyamba kumene ntchito aliyense amasokoneza. Akapitao amatikalipira zomwezi tsiku ndi tsiku."

"Ndiye kuti akuzidziwa kale."

"Pa ulusi."

"Mukawafunse. Osawauza ayi. Kungofunsa, monga mumafunsira kuntchito."

Anakanda m'mutu, koma anavala malaya.

Tinapita ngati okathokoza ndiwo. Akapitao anali pansi pa mtengo wa mango akupaka galu wawo mankhwala pabala. Ine ndinakhala pamphasa cha kumbali ndi aneba, mwana ali pamiyendo. Amuna anga anathokoza njiwa, anayamikira dzanja lolunjika, anafunsa za galu, ndipo pomaliza anatulutsa kambale.

"Ba kapitao, mundithandizeko. Tapeza utu m'njiwa zija. Ine mutu wanga ndi wa ulusi basi, ndiye ndadabwa. Kodi manambala a izi amayenda ngati a ulusi wathu, kapena ndi zina?"

Akapitao anapukuta manja. Anatola njere imodzi, anaiika pachikhatho, ndipo inasowa mu mzere wa dzanja lawo.

"Sikisite na twente," anatero, "wonenepa ni uti?"

"Twente, ba kapitao."

"Chifukwa?"

"Chifukwa wa sikisite umalowa wambiri pa sikelo imodzi."

"Ehe."

Ananyamuka kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi chipolopolo chimodzi ndi mpeni, anatokosa kakatoni ka pakamwa kolembedwa 8, napendeketsa m'kambale kanga. Njere zinakhuthuka ngati mawere a m'nsengwa, zambirimbiri, zina kudumphira pansi. Nandolo uja anakhala pakati pake ngati chulu.

Kenako anayamba kutiphunzitsa. Anati nambala ikamakwera ndiye kuti njere zalowa zochuluka, ndipo kuti zilowe zochuluka ziyenera kuchepa. Anati zing'onozing'ono ndi za mbalame, chifukwa zimamwazika ngati ukonde ndipo mbalame siifuna zambiri kuti igwe, koma pachikopa cha nguluwe zimathera mphamvu pakhomo. Anafotokoza bwino kwambiri, kuposa mmene ine ndikanathera. Amuna anga ankangovomera. Aneba ananditsina pantchafu mpaka ndinatsala pang'ono kukuwa.

Atamaliza anatembenuzira nkhope ku mtengo, osati kwa ine.

"Amake mwana. Namva ati atate anu anali na chifefe."

"Inde, bambo."

"Pa nguluwe anali kusewenzesa ziti?"

"Za malemba, bambo. Esi esi ji. Njere zake ngati nandoloyo."

"Ni mwamene. Nenze kufuna nione ngati mukumbukira."

"Akumbukira maningi," anatero aneba, nkhope ili gwa. "Makina osokera yawaphunzisa."

Akapitao anatsokomola n'kubwerera kwa galu.

Vuto linatsala linali lakuti za chaka chimenecho anali atagula kale zonse, ndipo podikira chaka china nguluwe zikanadya mpaka mizu. Apa ndi pamene aneba anakumbukira mlongo wawo wa ku Chanyanya. Iyenso anali ndi chifefe chake ndi chilolezo chake, ndipo ankasunga za njere zazikulu chifukwa cha ng'ona zong'amba maukonde. Nthawi zonse ankadandaula kuti akaombera nazo bakha amatola nthenga zokha. Iye ankasowa zimene ife tinali nazo, ife zimene iye anali nazo.

Akapitao anali pa shifiti sabata yonseyo, choncho ulendo wokasinthanitsa zipolopolo unagwera aneba, amene ankapita kale kumeneko pa njinga kukatenga nsomba. Manambala ankawadziwa bwino, malemba ayi. Ndinawamangira nandolo mmodzi pangodya ya chitenje.

"Akakupatsani, muone kumatako kaye. Pakhale twelofu. Zikakhala sikisitini kapena twente musatenge, n'zowonda, zimatsetserekera mkati mwa mfuti n'kutsekamo."

"Nazonso ziyenda chobwerera?"

"Nazonso."

"Anthu opanga mfuti sali bwino mu mutu. Manje kutsogolo?"

"Kutsogolo pasakhale nambala. Munene kuti esi esi ji. Akakayika, mumasule nandoloyo."

"Sisiji."

"Esi, esi, ji."

"Sisiji. Azamva. Ni mlongo wanga, si mzungu."

Anakwera njinga akuimba sisiji, sisiji, ngati akuitanira malonda, mpaka anakhota pa msika.

Anakhalako masiku angapo, chifukwa asodzi anali asanabwerere kuchokera kumadzi. Masiku amenewo ndi amene anandivuta kuposa onse. Matimati a aneba anafukulidwa onse. Chimanga changa chinatsala ngodya imodzi yokha ya kuchulu, kumene nthaka inali youma ndipo nguluwe zinkafikako pomaliza. Ndinadula nthambi za minga n'kuzinga ngodyayo, mwana ali kumsana, manja onse mabala. Tsiku lililonse ndinkadinikiza diso limodzi ndi chikhadabo. Mkaka unayamba kukhuthara ngati phala. Ndinkauza mapesi aja chamumtima kuti apirire pang'ono, monga ndinkauzira mwana pa mzere wa kuchipatala.

Aneba anafika masana ena, fumbi mpaka m'nsidze, dengu la nsomba zouma kumbuyo. Pansi pa nsombazo anatulutsa kamtolo ka nsalu. Zipolopolo zake zinali za mtundu watsopano, za pulasitiki, malemba ali m'mbali. Ndinazitembenuza chimodzichimodzi. Kumatako 12, m'mbali SSG. Zinkanunkha nsomba.

"Mlongo wanga aseka mpaka kugwa mu bwato," anatero. "Ati mlamu wake anali kuthira nguluwe mchere ikalibe kufa."

"Mukawauza zimenezo akapitao?"

"Nizasunga. Tsiku lamene azanikalipira pa ndiwo, nizachosa."

Loweruka m'mawa, ndikukoleza moto, ndinaona akapitao akubwera wapansi kuchokera kumtsinje, mfuti paphewa. Sanalankhule za nguluwe. Anaima pakhomo pathu n'kufunsa amuna anga ngati akudziwa amene ali ndi wilibala.

Nyama inagawidwa mzere wonse, ngakhale kwa aja ankanena kuti ndi yokhwima. Kwa ife kunabwera phewa. Ndikulikonza, mpeni unakhukhuta tinthu tolimba pansi penipeni pa chikopa. Tinali tinjere ta eyiti, titakhala m'mafuta, bala litapola kale pamwamba pake. Tinjereto sitinafike n'komwe pa mnofu. Mkati, pafupi ndi fupa, ndinapeza imodzi yaikulu itaphwatalala. Ndinaziika zonse m'kambale kaja n'kuitana aneba pa mpanda.

"Ndiye kukhwima kwake uku," anatero. Anatenga kambaleko kukaonetsa amuna awo, ndipo sikanabwerenso. Ndinamva kuti kanakafika mpaka kufakitale, kumene akapitao ankaphunzitsira aliyense wofuna kugula chifefe, kuyambira pa ulusi kumalizira pa nandolo.

Nguluwe zotsalazo zinasamukira kwina. Makoko a chimanga cha kuchulu anayera mvula yoyamba ili pafupi, ndipo tsiku limene chikhadabo changa chinaterereka osaboola, ndinathyola chonse. Sichinadzaze dengu. Ndinaluka makoko ake awiriawiri n'kupachika pamwamba pa moto kuti utsi uchisunge. Palibe anakazingako, ngakhale mwana ankachilozera.

Chaka chotsatira tinapatsidwa nyumba ku Estates, ndipo kuseri kwake, pafupi ndi waya woyanika zovala, ndinabzala mizere yanga. Chinamera chonse, cha maso oyera ndi ofiirira. Aneba ndinawatapira m'chitini, iwo anakagawira mlongo wawo, ndipo ku Chanyanya anthu ankachitchula kuti chimanga cha sisiji.

Zimene tinataya ndi izi: matimati onse a aneba, dimba langa lonse kupatula ngodya ya kuchulu, mwendo wa galu umene sunawongokenso, kambale kanga ka chitsulo, ndi dowe wa chaka chimenecho, amene sitinamulawe.